Pakamwa pa bowo: momwe mungalembere pa drawing kuti wa pa makina asachite kulota

Chaka china ndinajambula ka flange kogwira bering'i ya chigayo, mabowo anayi a mabawuti a M8, ndinangolemba ⌀9 THRU, kutanthauza bowo la mamilimita 9 lotulukira kuseri, nkusayina, mumtima ndikuti ndamaliza ntchito. Mkulu wa pa drill anaboola bwinobwino, malo ake enieni, veniya imavomereza, koma patangotha masabata awiri mwini chigayo anaimba foni kuti mabawuti akumasuka okha ndipo bering'i yayamba kulira. Titakamasula tinapeza kuti mitu ya mabawuti siinkakhala pa chitsulo ayi, inkakhala pa timinga totsala pobowola tija, ma burr, ndiye chigayo chitayamba kunjenjemera timinga tija tinaphwanyika, mpata unapezeka, basi bawuti yalekerera. Mkulu uja sindingamunene chifukwa drawing yanga siinanene chilichonse za pakamwa pa bowo, iye anapanga zomwe zinalembedwa. Kuyambira pamenepo ndimalemba pakamwa pa bowo lililonse, ndipo njira yomwe ndimatsata ndi iyi.

Musanagwire pensulo kapena mouse, funsani kaye kuti mubowomu mulowa chani. Zikumveka zachibwana eti, koma anthu ambiri amayamba ndi kusankha chizindikiro pa CAD asanadziwe ntchito ya bowo. Bowo lodutsa bawuti wamba, bowo la sikuluu ya mutu wobisika, bowo la mazinga, bowo la dowel (kachitsulo kolowa mothina kolunzanitsa ma part awiri), la bering'i, la O-ring (kamphete ka labala kotseka mafuta), lodutsa mafuta kapena waya wamagetsi, lililonse lili ndi pakamwa pake. Ine ndimatenga pepala lina nkulemba bowo A bawuti M8 mutu pamwamba, bowo B dowel ya 8, bowo C mafuta a hydraulic, kenako ndi pomwe ndimabwerera ku drawing. Ngati simukudziwa cholowamo funsani amene wabweretsa ntchito, safunsa anadya phula.

Chachiwiri onani title block, kabokosi ka pakona pa drawing kaja, kuti drawing ikutsata malamulo ati. Kuno kwathu zambiri timayendera ISO ndi mamilimita, zomwe amaphunzitsa ku ma technical college ndi ku MUBAS ndi zimenezo, komanso ma drawing ochokera ku South Africa ndi ku Ulaya ambiri ndi a ISO. Koma mashini ena ndi a ku America ndipo mapepala awo amatsata ASME Y14.5 ndi ma inch. Zizindikiro zambiri nzofanana ndithu, ⌀ ndi dayamita, ↧ ndi kuya, ⌵ ndi countersink, ⌴ ndi counterbore (ziwirizi ndizifotokoza kutsogoloku), koma osasakaniza malamulo awiri pa pepala limodzi, sankhani amodzi muwalembe pa title block.

Ndiye tsopano lamulo la m'mphepete monse, lija timaika pafupi ndi title block kuti ligwire paliponse pomwe simunalembe kanthu. Ambiri amangolemba REMOVE ALL BURRS AND SHARP EDGES nkupita ku lunch. Vuto la mawu amenewa nloti alibe nambala. Wina adutsitsa sandipepa kamodzi nkunena kuti wachotsa, wina atenga giraindala nkudya mamilimita awiri nayenso ati wachotsa, onse awiri simungawatsutse. Ngati mukulemba mawu ikanipo malire, BREAK SHARP EDGES 0.1 TO 0.3, pamenepo ndiye pali choyeza.

Njira ya ISO ndi standard yotchedwa ISO 13715, yomwe imakamba za m'mphepete mopanda shape yeniyeni, kutanthauza kuti simusamala kaya padulidwa mopendama kaya pazunguliridwa, bola chitsulo chotsala kapena chochotsedwa chikhale mkati mwa muyeso. Chizindikiro chake ndi kangodya ngati chilembo L kokhala ndi mzere woloza pomwe mukunena, mkati mwake mumalemba nambala yokhala ndi + kapena -. Plus ndiye kuti chitsulo chowonjezera chikuloledwa, minus ndiye kuti chitsulo chichotsedwe. Mukalemba -0.3 pa m'mphepete mwakunja mukunena kuti burr ayi, chotsani kuyambira 0 mpaka 0.3. Mukalemba manambala awiri, -0.1 ndi -0.5, mukunena kuti achotse osachepera 0.1 koma osapitirira 0.5, ndipo iyi ndi yomwe ndimaikonda chifukwa ija ya nambala imodzi imalola kuti m'mphepete mukhalebe mwakuthwa bola mulibe burr. Mukalemba +0.3 mwalola burr mpaka 0.3, zomwe nzabwino pa ka bracket kotchipa komwe palibe adzagwire, osalipiritsa munthu ndalama ya kupala pomwe sipakufunika. Pansi pa chizindikirocho lembani ISO 13715 kuti wowerenga adziwe kofufuza.

Apa pali posokoneza pang'ono. Pakamwa pa bowo, ngakhale bowolo lili mkati mwa chitsulo, pamawerengedwa ngati m'mphepete mwakunja, chifukwa ngodya ya chitsulo yatulukira, mukadutsitsa chala imakuchekani. M'mphepete mwamkati ndi pomwe khoma lakumana ndi pansi, ngati kunsi kwa counterbore, pomwe fumbi limabisala. Ana asukulu ambiri amatembenuza zimenezi, ine yemwe ndinatembenuzapo.

Lamulo lonse lija likakhala pamalo pake, bwererani ku mabowo omwe akufuna chamfer yeniyeni yoyezedwa, kutanthauza pakamwa podulidwa mopendama. Chamfer ya madigiri 45 ndiyosavuta, mumalemba 1 × 45° kapena C1, ma drawing a ku Japan amakonda kwambiri C imeneyi. Kumbukirani kuti chamfer imadya mbali zonse ziwiri za bowo, ndiye 1 × 45° pa bowo la ⌀9 ikupatsani ⌀11 pamwamba, osati ⌀10. Ngodya ikakhala ina, 30° kapena 15°, kalembedwe kachidule kaja kasiyeni, chifukwa 2 × 30° wina awerenga 30° kuchokera pa nkhope ya chitsulo wina kuchokera pa mzere wapakati pa bowo, wina atenga 2 ngati kuya wina ngati kutalika kwa mbali, mupeza ma chamfer anayi osiyana kuchokera pa mawu amodzi. Pamenepo dulani section, chithunzi choonetsa part ngati yadulidwa pakati, onetsani kuya padera, ngodya padera, mivi iloze pomwe mukuyezera. Ndipo ngati chomwe chikukukhudzani ndi kukula kwa pakamwa, lembani dayamita ya pamwamba ndi ngodya, nzosavutanso kuyeza.

Za tolerance, malire omwe muyeso ukuloledwa kusiyana ndi womwe mwalemba, musaiwale. Ngati title block ikuti ISO 2768-m, chamfer ya pakati pa 0.5 ndi 3 ili ndi ±0.2, yopitirira 3 mpaka 6 ili ndi ±0.5. Ndiye C0.5 ikhoza kutuluka 0.3 kapena 0.7 ndipo zonse nzovomerezeka. Pansi pa 0.5 standard imeneyi siigwira, mukalemba C0.3 muyenera kuikapo tolerance nokha pambali pake, apo ayi mwalemba nambala yopanda mwini.

Tibwerere ku bowo la bawuti lomwe linandichititsa manyazi lija. Kukula kwa bowo lodutsa bawuti kuli mu ISO 273, pa medium M6 ndi 6.6, M8 ndi 9, M10 ndi 11, M12 ndi 13.5. Tsopano tengani bawuti muyang'ane pansi pa mutu pomwe thupi lakumana ndi mutu, muona kuti sipali ngodya yakuthwa, pali kozungulira pang'ono, anaika dala kuti mutu usamathyoke. Kozungulira kameneka pa M8 kakhoza kufika ⌀9.2 ndipo pa M10 ⌀11.2, pomwe mabowo anu ndi 9 ndi 11. Mwaona? Pakamwa pakakhala pakuthwa mutu ukhoza kutsamira pa kozungulira kaja m'malo mokhala pa chitsulo, mumanga ndi sipanala mpaka thukuta koma bawuti siinakhale. ISO 273 yomweyo imalangiza chamfer pomwe mukufuna kupewa kugundana kumeneku. Ine pa M8 ndimalemba chonchi:

4 × ⌀9 THRU
⌵ ⌀9.6 +0.3/0 × 90° BOTH SIDES

Koma osatengeka nkuika chamfer yaikulu poganiza kuti yaikulu ndiye yabwino. Mutu wa cap screw ya M8, ija ya allen key, ndi ⌀13. Pakamwa pakakhala ⌀9.6 malo omwe mutu ukupondapo ndi pafupifupi ma square millimeter 60, mukaika C1 nkufika ⌀11 atsala pafupifupi 38 basi, mphamvu ya bawuti ndi yomweyo koma malo achepa, pa aluminiyamu mutu umangomira pang'onopang'ono bawuti nkumasuka. Mukaika washa nkhani ya kozungulira imasamukira pa washa, koma burr muchotsebe, washa yokhala pa burr ndi vuto lomwe lija.

Countersink ndi ya sikuluu yomwe mutu wake ukufuna ubisale ufanane ndi pamwamba. Mumalemba zinthu zitatu, bowo lodutsa, dayamita ya pamwamba, ndi ngodya. Ngodya ya countersink ndi yonse ya mbali ziwiri, ndiye 90° ya countersink ndi 45° ya chamfer ndi chinthu chimodzi, kusiyana ndi kalembedwe. Masikuluu a metric mitu yake ndi 90°, a inch a ku America ndi 82°, a ndege ambiri ndi 100°. Mu wekishopu muli kabokosi ka ma countersink bit osakanikirana omwe anagulidwa kaya liti, ndiye mukapanda kulemba ngodya atenga yomwe ili pamwamba. Sikuluu ya 90° mu bowo la 82° imagunda ndi m'mphepete mwa mutu nkutsala itatulukira, ya 82° mu bowo la 90° imagunda kunsi pafupi ndi khosi, mutu uli lende, konse kuwiri ikugwira pa kamzere kamodzi osati pa nkhope yonse.

Dayamita ya pamwamba itengeni pa sikuluu yomwe idzagwiritsidwe ntchito, osati pamutu panu. Ya M6 ya ISO 10642 mutu wake ukajambulidwa mpaka ku nsonga umafika 13.44, pomwe ya DIN 7991 yakale ndi 12, zonse zimagulitsidwa ngati M6 countersunk ndipo wa mu hardware sakuuzani kusiyana. Pa ya ISO ndimalemba:

⌀6.6 THRU
⌵ ⌀13.7 × 90°

Kuya musalembe ngati mwalemba kale dayamita ndi ngodya, kumatuluka kokha, mukalemba zonse zitatu tsiku lina zidzatsutsana ndipo wa pa makina adzasankha yomwe yamusangalatsa. Koma muwerengere pambali kuti mudziwe. Pa 90° ndi dayamita yaikulu kuchotsa yaing'ono kugawa pawiri, 13.7 kuchotsa 6.6 ndi 7.1, theka lake 3.55. Ndiye taganizani wina wajambula zimenezi pa pleti ya mamilimita 3. Countersink idutsa pleti yonse, bowo la 6.6 lija kulibenso, kunsi kwatsala m'mphepete mopyapyala ngati lumo, ndipo mutu wa sikuluu ukukagunda chitsulo cha pansi usanapanikize pleti yanu. Akatswiri a ndege amati countersink isapitirire magawo awiri mwa atatu a kukhuthala kwa pleti, ine ndimatsata lomwelo olo pa geti. Pleti ikachepa sinthani sikuluu ikhale yaing'ono kapena mutu ukhale pamwamba basi.

Nkhani ya lumo imeneyi inaphapo munthu. Pa 28 April 1988 ndege ya Aloha Airlines, Boeing 737, ikuchoka ku Hilo kupita ku Honolulu, denga la kutsogolo linasupuka ili m'mwamba, mayi mmodzi wogwira ntchito mu ndegemo anatayika, oyendetsa anakwanitsa kutera ku Maui. Ofufuza a NTSB, bungwe la ku America lofufuza ngozi, anapeza kuti pomwe malata a thupi la ndege amapitana, guluu wogwirizitsa anali atalekerera, katundu yense anapita pa ma rivet, ndipo countersink ya ma rivet inali yodutsa lata lonse lakunja lomwe linali 0.036 inch, osafika milimita imodzi, nkusiya m'mphepete mwa lumo mu bowo lililonse. Ming'alu ing'onoing'ono inayambira pamenepo pa mabowo ambiri motsatana mpaka inalumikizana. Bowo lozungulira pa pleti yokokedwa limachulukitsa kale stress katatu m'mbali mwake lisanakhale ndi chilema chilichonse, ndiye mukawonjezera lumo kapena burr yong'ambika mwaupatsa mng'alu poyambira. Chigayo si ndege, zoona, koma chimanjenjemera tsiku lonse.

Counterbore ndi chipinda chozungulira cha pansi posalala chobisamo mutu wa cap screw. Mumalemba bowo lodutsa, dayamita ya chipinda, ndi kuya. Mutu wa M8 ndi ⌀13 ndipo kutalika kwake ndi 8, ndiye:

⌀9 THRU
⌴ ⌀15 ↧ 8.6

Pa M6 mutu ndi ⌀10 chipinda ⌀11, pa M10 mutu ⌀16 chipinda ⌀18. Mukaika washa onjezerani kuya ndi dayamita, ndipo ngati ndi bawuti ya mutu wa hex kumbukirani kuti socket iyenera kulowa mozungulira mutuwo, ndinaonapo chipinda chokongola chomwe bawuti inalowa koma sipanala ayi. Werengeraninso chotsala kunsi, pleti ya 12 kuchotsa 8.6 kwatsala 3.4 yomwe ikunyamula mphamvu yonse ya M8, nthawi zina ndi bwino kulemba chotsalacho m'malo mwa kuya ngati ndicho chofunika.

Chomwe ambiri amaphonya ndi choti counterbore ili ndi m'mphepete mutatu. Pali pakamwa pa pamwamba, apa lamulo lonse lija likwanira. Pali ngodya ya kunsi pomwe khoma lakumana ndi pansi, apa lembani R0.4 MAX kapena yofanana nayo, kuti tool yokhala ndi mphuno yozungulira kwambiri isasiye phiri lomwe mutu kapena washa itsamirepo. Ndiye pali pakamwa pachiwiri, pomwe bowo lodutsa likuyambira pansi pa chipindacho, pomwe mutu ukukhala penipeni, apa ndi pomwe pakufunika ka chamfer ka ⌀9.6 kaja, ndipo popeza pali mkati anthu sapafikira ndi fayilo, mukapanda kulemba sipakhudzidwa.

Spotface ndi m'bale wake wa counterbore koma yosazama, ntchito yake ndi kupala malo osalala pa chitsulo choumbidwa kapena chowotcherera kuti washa ikhale bwino. Lembani dayamita yoposa washa, washa wamba ya M10 ndi ⌀20 ndiye ⌀22 ndi bwino. Kuya nthawi zambiri sitilemba, amangopala mpaka payere ponse, koma ngati kukhuthala kotsala kuli ndi ntchito lembani kumeneko. Mu ASME Y14.5 kuyambira ya 2009 chizindikiro chake ndi cha counterbore chokhala ndi SF mkati.

Bowo la mazinga nalo lili ndi pakamwa pake. Tapu yodulira mazinga ikamalowa imatukula chitsulo pa zinga loyamba, kaphiri kakang'ono kamatuluka pamwamba, mukamangapo chivundikiro sichikhala pansi, gasket imadontha, inu nkumanena gasket. Mankhwala ake ndi countersink yopitirira pang'ono dayamita ya bawuti, ichitike asanadule mazinga, ikachitika pambuyo imapinda zinga loyamba bawuti nkumakana kulowa. Pa M8:

M8 × 1.25 - 6H ↧ 16
⌀6.8 ↧ 22
⌵ ⌀8.5 × 90°

Ena amakonda 120° chifukwa siidya mazinga ambiri, zonse zimagwira, bola mulembe imodzi. Kuya kwa 16 ndi kwa mazinga athunthu, 22 ndi kwa drill kuyezera pomwe dayamita yathunthu yathera osati ku nsonga ya biti, nsonga ya 118° ija siwerengedwa. Pa pleti yopyapyala chenjerani, M8 pa pleti ya 6 ili ndi mazinga osakwana asanu, mukaika chamfer yaikulu mbali zonse ziwiri mwatsala ndi atatu.

Tsopano mabowo omwe chinthu chimalowa mothina. Bering'i ya 6205 ndi 25 mkati, 52 kunja, 15 m'lifupi, nyumba yake tinene ⌀52 H7, kutanthauza 52.000 mpaka 52.030. Pakamwa pakufunika polowera potsetsereka kuti bering'i iyambe mowongoka, ine ndimaika kuya kwa 1 kapena 1.5 pa 15° mpaka 30° kuchokera pa mzere wapakati, ndikuonetsa pa section monga ndanenera. Ya 45° imagwira koma siitsogolera bwino, bering'i imapendama munthu nkuyamba kuimenya ndi hamala. Kunsi komwe bering'i ikukatsamira ndi kofunika kuposa pakamwa. Ngodya za bering'i nzozungulira, pa 6205 osachepera milimita imodzi, ndiye radius ya mu nyumba isapose 1, ine ndimalemba R0.8 MAX, ikaposa bering'i itsamira pa radius osafika pa phewa, ikhala yopendama pang'ono ndipo itentha. Bowo la dowel la ⌀8 H7 ndi chimodzimodzi, ka chamfer kakang'ono ka C0.5, kachitike asanadutsitse reamer, tool yomalizira bowo, kuti reamer ichotse kalikonse komwe kapindikira mkati.

O-ring ndiye imafuna ulemu wapadera chifukwa ndi labala, m'mphepete mwakuthwa mumaimeta ngati mbatata ndipo simuona, muzadziwa mafuta akayamba kutuluka. Polowera pakhale 15° mpaka 20°, pakamwa pakhale potakata kuposa O-ring isanapanikizidwe kuti iyambe kukhudza potsetsereka osati pa ngodya, ndipo pomwe chamfer yathera nkukumana ndi bore palembedwe kuti pazunguliridwe, BLEND RADIUS, NO SHARP EDGE. Ngati O-ring ikudutsa pa bowo lina la m'mbali pokalowa, ndi bwino kusintha design, zikakanika bowo limenelo likhale mu kamsewu kokumbidwa kokhala ndi potsetsereka mbali zonse.

Mabowo okumana mkati mwa block ya hydraulic kapena njira ya mafuta a injini ndi mutu wina. Burr ya pamenepo siioneka, chala sichifika, koma tsiku lina imathothoka nkuyenda ndi mafuta mpaka mu valve. Lamulo la pa title block anthu amalitenga ngati la pomwe maso akuona, ndiye apa kokani mzere mpaka pomwe mabowo akumana pa section mulembe padera, REMOVE BURRS AT INTERSECTION, NO LOOSE PARTICLES. Zimadula nthawi ndiye lembani pomwe pakufunikadi, ndipo muuzeni wa quotation asanapereke mtengo.

Ndiye pali mabowo omwe pakamwa payenera kukhala pakuthwa, ndipo apa lamulo lanu lomwe lija la BREAK SHARP EDGES ndi lomwe likupwetekeni. Orifice plate yoyezera madzi kapena steam mu paipi, ISO 5167-2 imafuna kuti m'mphepete mwa mbali yomwe madzi akuchokera mukhale mwakuthwa, radius isapose 0.0004 kuchulukitsa dayamita ya bowo, pa bowo la 50 ndi 0.02 basi. Mnyamata wakhama akadutsitsapo deburring tool pofuna kukusangalatsani, mita iyamba kunama ndipo palibe adzadziwe chifukwa chake. Die yodulira malata chimodzimodzi. Lembani pa m'mphepete pomwepo SHARP EDGE, DO NOT BREAK, kapena chizindikiro cha ISO 13715 chokhala ndi nambala zazing'ono ngati ±0.02, zolembedwa pamalo zimaposa lamulo la pa title block. Ine ndimachita kuzunguliza ndi cholembera chofiira pa pepala lopita ku wekishopu.

Mukamaliza zonsezi yang'anani bowo lililonse mufunse kuti mbali iti. Countersink ili pamwamba kapena kunsi? Pa view yoyang'ana pamwamba mizere iwiri yozungulira ikhoza kukhala ya mbali yomwe mukuona, koma ikakhala ya kuseri iyenera kukhala yodukaduka, ndipo pa photocopy yachitatu yomwe yagwidwa ndi manja a girizi mzere wodukaduka ndi wathunthu sizisiyana. Lembani mawu, NEAR SIDE, FAR SIDE, BOTH SIDES. Onaninso chizindikiro cha projection, first angle ndi third angle zimaika ma view mbali zosiyana, wozolowera ina akawerenga inayo countersink ipita kuseri ndipo mupeza part ya kumanzere pomwe mumafuna ya kumanja. Section imodzi yodutsa pakati pa bowo imathetsa mikangano yonseyi, musaumire pepala. Pa malata obowoledwa ndi punch burr imatulukira mbali imodzi yokha, komwe punch yatulukira, ndiye ngati mbali ina ikukhudza waya kapena dzanja la munthu onetsani kuti BURR SIDE ikhale iti. Zodulidwa ndi plasma kunsi kumatsala zitsulo zosungunuka zomata, zimenezo nenaninso kuti zichoke.

Mabowo ofanana musalembe kanayi, 4 × kutsogolo kwa callout, mawu ofotokoza bowo aja, kukwanira, koma ngati pa pleti pali magulu awiri ofanana kukula koma pakamwa posiyana, apatseni zilembo A ndi B, apo ayi onse adzalandira chamfer imodzi. Pa SolidWorks, Inventor kapena Fusion gwiritsani ntchito hole tool yeniyeni osati kujambula circle nkudula, callout imatuluka yokha ndipo ikasintha model imasintha nayo, koma iwerengeni, nthawi zina template ili pa inch ndipo ikupatsani 82° mwakachetechete. Mukatumiza PDF tsegulaninso muone ngati ⌵ ndi ⌴ zatuluka, pa makompyuta ena font imasowa nkuika tibokosi, zikatero CSK ndi CBORE zolembedwa ndi zilembo zimagwira ntchito yomweyo.

Chomaliza chomwe ndimachita ndi kudzifunsa kuti ndiyeza bwanji. Chamfer ya 0.3 ndi veniya wamba mungodzinamiza, ndi chifukwa chake ndimakonda kulemba dayamita ya pamwamba, imaoneka. Countersink gauge ilipo koma mawekishopu athu ambiri alibe, ndiye ndimawonjezera mzere woti SCREW HEAD FLUSH TO 0.3 BELOW SURFACE nkutumiza sikuluu imodzi yeniyeni limodzi ndi drawing, amaika mu bowo nkudutsitsa rula yachitsulo pamwamba, ikagunda mutu ndiye kuti sanafike, mpata ukakula feeler gauge inena. Ngati mwalemba mzere umenewu dayamita ya countersink ikhale ya reference chabe kuti zisalimbane. Burr ndimayeza ndi chikhadabo kapena kansalu ka thonje, kakakodwa ndiye kuti ilipo. Part yoyamba ikatuluka pitani mukaione isanachoke pa makina, mutenge bawuti, bering'i ndi O-ring zomwe zidzalowemo, chomwe mkulu wa pa makina wakufunsani pakamwa mukachilembe pa drawing tsiku lomwelo nkukweza revision kuchoka pa A kupita pa B, pepala lakale mulichotse pa khoma la wekishopu.